Njinga ya Amuna Anga pa Lamlungu Lachitatu

Amuna anga ataikidwa m'manda, abale awo ananyamula bedi, wailesi, mipando yonse iwiri ndi mapoto anga omwe. Ine ndinakhala pansi pakona nditavala zakuda, ndikuona katundu akutuluka pakhomo, ana anga aakazi awiri atandigwira m'manja. Sindinanene kanthu, chifukwa mkazi wamasiye salankhula tsiku limenelo. Koma mng'ono wa malemu atagwira njinga, a tcheyamani a kalabu ya opalasa njinga, amene anali atakhala panja ndi anzawo, anaimirira.

"Iyo isiyeni," anatero. "Iyo njinga ni ya kalabu."

Mlamu wanga anayang'ana amuna amene anakhala kumbuyo kwa a tcheyamani, onse atavala malaya achikasu a kalabu, ndipo anaisiya. Anthu atabalalika ndinapita kukagwada pamaso pa a tcheyamani, ndikuwomba m'manja, ndikuwathokoza kuti andisungira chinthu chimodzi cha bambo a ana anga. Mpaka lero ndikakumbukira maondo anga pafumbi paja, mtima umandiwira.

Tinkakhala m'Kalingalinga, mu Lusaka. Amuna anga ankagwira ntchito yonyamula matumba kumafakitale, ndipo sabata yonse ankangolamulidwa ndi kukalipiridwa. Lamlungu lokha ndi limene linali lawo. M'mamawa ankakumana ndi anzawo a m'Mtendere, m'Chaisa ndi m'Matero m'mbali mwa msewu waukulu wopita kum'mawa, n'kupalasa onse pamodzi mpaka pa mlatho wa ku Chongwe. Akafika, aliyense ankagunditsa wilo lakutsogolo pachitsulo cha mlatho, kusonyeza kuti njinga yake yafika, kenako ankadya n'kubwerera. Chimene ankadya ndi mbatata zanga. Zaka khumi ndi ziwiri ndinkaphika mbatata Lamlungu lililonse, n'kuzikulunga m'kansalu, amuna anga n'kumangirira pansi pa chishalo kuti akagawane ndi gulu lonse.

Zinali zaka zija tinkaima pamzere wa ufa, wa sopo ndi wa mafuta ophikira, nthawi zina n'kubwerako chimanjamanja. Zitsulo za njinga nazonso zinasowa m'masitolo. Tayala likang'ambika ankalisoka ndi ulusi wa nsapato. Chubu cha amuna anga chinali ndi zigamba zambiri kuposa chubu chenichenicho, ndipo ndine ndinkamata. Ndiye a kalabu anapangana kuti azibwerekana. Amene ali ndi wilo lapadera apatse mnzake, amene ali ndi tcheni apatse mnzake, ndipo chitsulocho chikhale pa njingayo malinga ngati ikuyenda ndi gulu. Koma njinga ikagona masabata atatu otsatizana osafika pamlatho, ankati yafa. Ankaimasula, aliyense n'kutenga chake.

Pa njinga ya amuna anga, felemu ndi belu ndi chishalo zinali zawo. Felemu imeneyo ndi imene anabwera nayo kwathu ku Katete podzandifunsira. Mahandulo opindikira pansi anali a tcheyamani. Wilo lakumbuyo linali la telala wa m'Mtendere, yemwe ankasoka malaya a kalabu. Tcheni chinali cha mdala wina wochokera ku migodi, amene ankagwira ntchito ya ulonda m'tauni. Amuna anga atadwala chifuwa miyezi itatu, njinga sinafe, chifukwa panali mwambo wina: wina aliyense ankatha kuipalasa m'malo mwa mwini wake. Anzawo ankasinthana. Ankabwera kudzaitenga, madzulo n'kuibweza, n'kulowa kukauza wodwala mmene yayendera. Amuna anga ankamwetulira ali pamphasa. Chimenecho sindikana, anachita bwino.

Atamwalira, Lamlungu loyamba linapita, palibe amene anabwera. Lachiwiri linapitanso. Ndinkaganiza kuti akundipatsa mpata wolira. Lolemba anafika atatu: a tcheyamani, atelala ndi mdala uja. Ndinawakhazika pa njerwa, poti mipando inali itapita. Atelala pokhala, sipanala inatuluka m'thumba la thalauza n'kugwa pansi. Anaiponda ndi nsapato msanga, koma ndinali nditaiona.

"Ba mulamu," anayamba a tcheyamani, "mudziwa kale mwambo wathu. Sondo ikubwerayi ni yachitatu. Tati tibwere tikudziwitseni mwaulemu, musadzadabwe."

"Ndidzadabwe chiyani?"

"Njinga ikagona, vitsulo vimabwerera kwa eni ake. Felemu ni yanu, palibe amene azaigwira."

"Felemu ndidzaphikira ana?" ndinafunsa. "Si inu munaimirira pamaso pa alamu anga kunena kuti aisiye?"

"Eya. Ninakamba zoona. Ninati ni ya kalabu."

Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa chimene ndinagwadira. Sankanditeteza ine. Ankateteza mahandulo awo.

Ndinadzigwira. Ndinati ngati vuto ndi kugona kwa njinga, mmodzi wa iwo aitenge Lamlungu monga ankachitira muja malemu ali moyo. Onse anayang'ana pansi. Atelala ndi amene anayankha, akukanda m'khosi. Anati nthawi ija mwini wake anali wodwala chabe. Tsopano ndi njinga ya munthu wakufa, ndipo ine abale anali asanandisudzule, choncho mzimu wa malemu unali udakali pakhomo. Munthu wokhala ndi banja lake sangakhale pachishalo chimenecho.

"Kukhala pachishalo mukuopa," ndinatero, "koma wilo simukuliopa? Mzimu uli pachishalo pokha, kuwilo sufika?"

Mdala uja anaseka mpaka kutsokomola. Atelala sanaseke.

"Wilo ni yanga, ba mulamu. Ya pa njinga yanga ili na masipoko anayi oduka. Niyende pansi chifukwa cha chifundo?"

Sananene kuti pampu ya amuna anga inali kwa iwo chaka chachiwiri. Inenso sindinaitchule. Ndinangofunsa a tcheyamani ngati mwambo wakuti wina aliyense angathe kupalasa njinga ya mnzake unali udakalipo. Anati ulipo. Ndinati chabwino, Lamlungu ndidzaipalasa ndine.

Anaseka onse atatu, osati mwachipongwe kwenikweni, koma mmene anthu amasekera mwana akanena kuti adzayendetsa ndeke.

"Ku Chongwe si ku maliketi, ba mulamu," anatero atelala. "Muzagwa tisanapite na pa Chelstone."

Anthu amenewa anandidziwa zaka khumi ndi ziwiri. Anadya mbatata zanga, anamwa madzi m'kapu yanga, ndinawamatira zigamba pamachubu awo pamene akazi awo ankakana. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsapo ngati ndimadziwa kupalasa. Ine ndinakulira ku Katete, kumene mtsikana amaphunzira njinga asanaphunzire kusinja. Ndinkanyamula thumba la mtedza pakaliyala ya njinga ya bambo anga kupita nalo kumsika, mumchenga, mng'ono wanga atakhala pamtanda. Ndinasiya nditabwera m'tauni, chifukwa m'nyumba munali njinga imodzi ndipo inali ya mwamuna.

Sabata imeneyo nkhani inafalikira. Amayi awiri a kutchalitchi anabwera kudzandiuza kuti mkazi wovala zakuda sakwera njinga pakati pa amuna, makamaka pa tsiku la mapemphero, ndipo anthu adzati ndayamba kale kufunafuna mwamuna wina. Ndinawafunsa kumene anali tsiku limene mapoto anga ankatuluka. Anati iwo sanafune kulowerera za banja. Ndinati ndiye apitirize kusalowerera.

Loweruka ndinatsitsa chishalo, ndinathira tcheni mafuta akuda amene malemu ankasunga m'kabotolo, ndinabwereka pampu kwa munthu wogulitsa makala. Ndinayesa kuzungulira kuseri kwa nyumba. Mahandulo opindika aja anandivuta, chifukwa amafuna kuti munthu aweramire kutsogolo ngati akupalira. Koma miyendo inakumbukira.

Lamlungu ndinadzuka kukucha, ndipo ndinapezeka ndaika kale mbatata pamoto ndisanaganize n'komwe. Manja anazolowera. Nditazindikira ndinafuna kuzisiyira ana zonse, koma ndinawapatulira zawo, zotsala ndinakulunga m'kansalu kaja n'kumangirira pansi pa chishalo. M'kati mwa diresi lakuda ndinavala kabudula wopalasira wa amuna anga. Abale anamusiya chifukwa kumbuyo kwake kunali zigamba zokhazokha.

Nditafika pamsewu ndinapeza amuna khumi ndi mmodzi. Ena anandipatsa moni, ena anayamba kupapasa matayala awo ngati pali chimene chavuta. A tcheyamani anayang'ana njinga, anayang'ana ine, n'kunena kuti gulu silidikira munthu. Limenelo linali bodza. Amuna anga ankanyadira kuti kalabu yawo siisiya munthu pamsewu, ndipo a tcheyamani omwewo ankanena zimenezi pamaliro paja.

Unali mwezi wa Ogasiti, ndipo amene amakhala mu Lusaka amaidziwa mphepo ya mwezi umenewo. Imachokera kum'mawa, kumene tinkapitako, itanyamula fumbi ndi mapepala. Ndinkadziwa mmene gulu limayendera pamphepo, chifukwa amuna anga ankakonda kundionetsa ndi zitsekerero za mabotolo pamphasa, ine ndikusankha nyemba. Amayenda pamzere umodzi. Wakutsogolo ndiye amalimbana ndi mphepo, enawo amabisala kumbuyo kwake, wilo pafupi ndi wilo. Akatopa amapatuka n'kubwerera kumapeto kwa mzere kukapuma, wotsatira n'kutenga malo. Munthu mmodzi payekha sangafike msanga, koma pamzere ngakhale wofooka amafika. Ndinkamvetsera ndi khutu limodzi masiku amenewo, koma zinalowa.

Ndiye ndinapita kumapeto kwa mzere n'kuyandikira wilo la munthu womaliza, kalipentala wa m'Chaisa. Atacheuka n'kundiona, anapalasa mwamphamvu n'kudutsa anzake awiri. Ndinayandikira amene anatsala kumapeto. Nayenso anachita chimodzimodzi. Mzere wonse unasokonekera, aliyense akuthawa kukhala womaliza, ngati nkhuku zothawa mvula. Poyamba sindinamvetse. Kenako ndinamva atelala akukuwa kutsogolo:

"Osamulola kumbuyo kwanu! Chizakukonkhani mpaka kunyumba!"

Ankaopa kuti mzimu wa amuna anga, umene ankati ndayenda nawo, ukakamira pamsana pa munthu amene ndamutsatira. Munthu amene anamunyamula pamapewa kupita naye kumanda, amene anapalasa naye zaka zonsezo wilo pafupi ndi wilo, tsopano anali chinthu chothawa. Anawonjezera liwiro onse pamodzi mpaka pakati pa ine ndi iwo panatsala mpata ngati wa mabasi atatu, ndipo mphepo yonse inagwera pa ine.

Sindinalire. Ndinali nditakwiya kwambiri moti misozi inalibe potulukira. Diresi linkadzaza mphepo ngati thumba. Fumbi linkalowa m'mano. Anyamata a m'minibasi ina anatulutsa mitu akukuwa, "Amai, maliro yapita uku!" ndipo anthu m'katimo anaseka. Ndinaweramira pamahandulo a tcheyamani n'kumapalasa. Tinadutsa Chelstone ndisanagwe. Tinadutsa njira yokhotera ku bwalo la ndeke. Nyumba zinatha, kunayamba minda ndi mitengo, ndipo malaya achikasu ankacheperachepera kutsogolo.

Pa chitunda chachitali china miyendo inayamba kunjenjemera. Zaka zambiri zinali zitapita kuchokera pa matumba a mtedza aja, komanso kuyambira pamaliro ndinali ndisanadye bwino. Ndinkadziwa kuti ndikatsika n'kuyamba kukankha, sindikweranso. Ndinkaona m'maganizo felemu itatsamira khoma lopanda bedi, yopanda wilo, ana akuiyang'ana.

Chapakati pa chitundacho ndinapeza mdala wa ku migodi ataima, phazi limodzi pansi, akununkhiza fodya wa m'mphuno.

"Bondo yanga yakana," anatero ndisanafunse. "Aba anyamata bathamanga monga baba nkhuku."

Ndinamudutsa. Posakhalitsa ndinamva njinga yake ikulira kumbali kwanga, tcheni chake chikudumphadumpha, kenako analowa kutsogolo kwanga.

"Bamayo, fikani pafupi. Pafupi! Muopa chani, tayala siluma."

"Inu simukuopa?" ndinafunsa ndikupuma movutika.

"Ine? Mu mugodi nanyamula bantu bakufa pamusana. Ngati mizimu imakonkha, sembe kumbuyo kwanga kuli laini monga ya unga wa nsima." Analavula m'mbali. "Koma musaganize kuti nine mungelo. Cheni chija nichifuna. Mumvera mwamene ichi chilirira?"

Ndinayandikira mpaka wilo langa linatsala pang'ono kukhudza lake. Mphepo inaleka nthawi yomweyo, ngati munthu watseka chitseko. Zaka zonse zija amuna anga akukankha zitsekerero pamphasa, sindinadziwe kuti zimamveka chonchi. Pamenepo pokha ndi pamene maso anga ananyowa, koma fumbi linaumitsa.

Tinakwera chitundacho. Titayenda kamtunda, mdala anapatuka n'kugwedeza chigongono.

"Manje ni imwe."

"Ine?"

"Nanga ndani? Muganiza ni basi iyi? Mu kalabu aliyense amadula mphepo."

Ndinapita kutsogolo, iye n'kubisala kumbuyo kwa diresi langa lakuda, akudandaula kuti ndikupalasa mokhotakhota ngati woledzera ndipo amuna anga akanachita manyazi. Tinasinthana choncho njira yonse yotsala.

Titafika ku Chongwe, enawo anali atakhala kale m'mbali mwa mlatho, njinga zitagona paudzu. Ndinapalasa mpaka pachitsulo, ndinagunditsa wilo lakutsogolo, ndinaliza belu la amuna anga kamodzi. Potsika miyendo inakana, ndinagwira chitsulo kuti ndisagwe pamaso pawo.

"Ba tcheyamani," ndinatero, "njinga yafika kapena sinafike?"

Anatenga nthawi akupukuta magalasi awo ndi malaya.

"Yafika."

"Banamukoka!" anatero atelala. "Mdala ndiye anamukoka. Tonse taona."

"Na iwe anakukoka ndani?" anayankha mdala. "Kuchoka pa Chelstone sunapiteko kutsogolo olo kamodzi. Unali chabe kubisala kumbuyo kwa kalipentala monga kamwana pamusana."

Ena anaseka. Atelala anati wilo likadali lawo. Ndinati sindinakane, adzabwere ndi sipanala yawo njinga ikadzagona masabata atatu, ndipo pobwera adzatenge pampu ya malemu.

Kenako ndinaona kuti palibe amene akudya. Zaka khumi ndi ziwiri anazolowera kuti chakudya chimatuluka pansi pa chishalo cha amuna anga, ndipo m'masabata awiri apitawo palibe amene anaganiza zouza mkazi wake kuti aphike, kapena mwina kunyumbako kunalibe chophika. Ndinamasula kansalu, ndinatenga mbatata imodzi, ina ndinapatsa mdala, zotsala ndinaziika pamwala n'kukakhala patali nditawapatsa msana. Sindinaitane munthu. Chakudya chophika mkazi wosasudzulidwa ndiye amati n'choopsa kuposa zonse. Nditabwerera kudzatenga kansalu kanga, ndinapeza makoko okhaokha, ndipo atelala anali akupukuta pakamwa.

Pobwerera mphepo inali kumbuyo kwathu, ndiye nkhani ya mzere sinavute. Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka, ndipo masiku atatu ndinkayenda ngati nkhalamba.

Kuyambira pamenepo ndinkapita Lamlungu lachitatu lililonse, osaphonya. Awiri enawo ndinkapita kutchalitchi. M'kati mwa sabata njinga inkanditengera kumafamu kukagula repu ndi tomato zogulitsa pakhomo, ndipo ndi zimene zinalera ana anga. Patapita miyezi, kalipentala uja anasiya kuthawa ndikakhala kumbuyo kwake, kenako enanso, mmodzimmodzi, popanda wonena chilichonse. Abale a malemu anadzandisudzula chaka chitatha, koma pamenepo ndinali nditadula kale mphepo kutsogolo kwa amuna onsewo kambirimbiri, ndipo palibe amene anadwala.

Palibenso amene anapepesa. A tcheyamani anafika pomanena kwa anthu kuti kalabu yawo inali yoyamba kulandira mzimayi, ngati kuti anachita kundiitana. Mdala ndinamubwezera tcheni chake ndekha, nditapeza china chakale kwa wokonza njinga wa m'Mandevu. Atelala ankandikumbutsa za wilo nthawi iliyonse tikakumana, ine n'kumawakumbutsa za pampu, mpaka anasamukira kwa mwana wawo ku Kabwe. Pampu anapita nayo. Wilo lawo lidakali pa njinga, kuseri kwa chitseko changa, ndipo masipoko ake ndimamanga ndekha.